Revolver ya 9mm, ya .38 Special, kapena pisitolo basi?

Anzanga amene muli ndi laisensi ya mfuti kuno ku Lusaka, ndi inu amene mapepala anu akadali kupolisi, funso ili silikutha pakati pathu: tigule revolver (mfuti yam'manja yosunga zipolopolo m'silinda yozungulira) yodya zipolopolo za 9mm, zija za pisitolo, kapena tikhale pa .38 Special yozolowereka? Kwa ine nkhani yonse yagona pa kachitsulo kopyapyala kotchedwa moon clip. Muyambe mwakadziwa musanatulutse kwacha yanu.

Khoko la chipolopolo cha .38 lili ndi mkombero wotumphuka kumbuyo kwake. Mkomberowo ndi umene umaletsa chipolopolo kumira m'bowo la silinda, ndipo mukakankha kandodo kotulutsira, kachitsulo konga nyenyezi kaja kamakola makoko onse n'kuwataya pamodzi. Cha 9mm, chimene Georg Luger anakonza kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, n'chosalala, chili ndi kangalande chabe, chifukwa anachipangira kutsetsereka m'magazini. M'revolver nyenyezi ija imasowa pogwira. Moon clip imaluma zipolopolo zonse pa kangalande kameneko, n'kukhala mkombero wobwereka.

Nzeruyi si yalero. Mu 1917, dziko la America litalowa m'nkhondo yoyamba ya dziko lonse, mapisitolo a M1911 anachepa. Makampani a Colt ndi Smith & Wesson anapanga revolver ya M1917 yodya .45 ACP, chipolopolo cha mapisitolowo chimenenso chilibe mkombero wotumphuka, ndi timaklipu togwira zipolopolo zitatuzitatu. Nkhondo itatha, anthu sanachedwe kutopa nato, moti mu 1920 kampani ya Peters inatulutsa .45 Auto Rim, chipolopolo chomwecho koma chovekedwa mkombero wochindikala.

Ubwino wa klipu suli wokayikitsa. Zipolopolo zonse zimalowa kamodzi, makoko amatuluka ali pamodzi, simuwerama kutolatola mu udzu. Jerry Miculek, katswiri wa mipikisano yowombera wa ku America, mu 1999 anawomba zipolopolo 6, n'kudzaza, n'kuwombanso 6 m'masekondi 2.99 ndi revolver ya .45 ACP. N'chifukwa chake a mipikisano amakonda Smith & Wesson 929, revolver ya 9mm ya mabowo 8. Wa .38 ndi speedloader yake, kachida kodzazira zipolopolo m'silinda kamodzi, amatsalira pamenepa.

Koma kachitsuloka n'kosachedwa kupindika. Mukaika m'thumba la buluku, mwakhalira m'galimoto pa msewu wa maenje wopita ku famu ku Chongwe, kapindika pang'ono chabe, mwina osaoneka n'komwe ndi maso. Mukakalowetsa, silinda imayamba kulemera pozungulira, nthawi zina chipolopolo osaphulika chifukwa sichinakhale bwino. Kuchotsa makoko pa klipu ndi zala kumapweteka, ndipo ndi pomwe ambiri amaipindira. Pamafunika kachida kake. Komanso maklipu sabwerekana: ya Ruger LCR siyenera kukakamizidwa pa Taurus 905 ngakhale zonse zili za mabowo 5. Wogulitsa akangoti maklipu atha, tiitanitsa kunja, mfuti yanu yasanduka njinga yopanda pampu. Zambiri zimawombabe popanda klipu, poti mlomo wa khoko umatsamira pa kasitepe ka m'kati mwa bowo, koma makoko mudzawatokosa limodzilimodzi ndi kamtengo.

Opanga ena anayesa kulambalala vutoli. Charter Arms Pitbull ili ndi timasipuling'i pa nyenyezi tokola kangalande kaja, klipu osafunika. Smith & Wesson 547 ya m'zaka za m'ma 1980 inali ndi nzeru yofananako, koma analeka kuipanga. Ruger Blackhawk Convertible imabwera ndi masilinda awiri, ya .357 Magnum ndi ya 9mm, ndipo poti imatulutsa makoko limodzilimodzi kale, vuto la mkombero siliyikhudza. Kungoti ndi yayikulu, yokokera hamala musanawombe ulendo uliwonse, yoyenera ku munda kuposa m'tauni. Taurus 692 nayo imasinthitsa masilinda, mabowo 7.

Pa mphamvu, 9mm imaposa .38 wamba. Muyezo wa ku America umaloleza 35,000 psi (muyezo wa mphamvu ya mpweya chipolopolo chikaphulika) kwa 9mm pomwe .38 Special imalekera pa 17,000. Mu mpope waufupi kusiyanaku kumamveka m'dzanja: revolver yopepuka ya 9mm imamenya mwaukali, ndipo mayi kapena bambo wachikulire amene akuphunzira kumene sadzakondwa nayo. Pali chinanso chimene ogulitsa satchula. Khoko la .38 amalipinda mlomo kuti ligwire mutu wa chipolopolo zolimba, pomwe la 9mm amangolifinya. Mfuti yopepuka ikamagwedezeka, mitu ya zipolopolo zotsala imatha kusololoka pang'onopang'ono mpaka umodzi utatulukira kutsogolo n'kutseka silinda. Musanadalire mtundu uliwonse wa zipolopolo, kauyeseni ku malo owombera ovomerezeka, muziyang'ana chomaliza ngati chatalika.

Za pisitolo sindichulutsa mawu. Ngati mukufuna 9mm chifukwa cha 9mm, Glock 19 imanyamula 15, CZ 75 imanyamula 16, revolver yaying'ono 5. Chimene revolver imapambanira n'chakuti chipolopolo chikakana mumangokokanso trigger, ndipo ilibe slide, chitsulo chotsetsereka cha pamwamba pa pisitolo, yovuta kukoka ndi manja ofooka.

Ndiye revolver ya 9mm ndi yandani? Ya munthu amene ali kale ndi pisitolo ya 9mm pa laisensi ndipo akufuna kugula mtundu umodzi wa zipolopolo, komanso wa mipikisano. Kwa amenewa igwira ntchito. Wofuna mfuti imodzi yosunga m'sefa kunyumba ku Makeni kapena ku Chilenje ine ndingamuuze kuti atenge ya .357 Magnum n'kumaidyetsa .38, poti imalandira zonse ziwiri popanda kachitsulo kowonjezera.

Mfuti zonsezi zili pansi pa Firearms Act, Chapter 110 ya malamulo a Zambia, choncho ngati mwakopeka ndi ya masilinda awiri, funsani apolisi musanalipire kuti mitundu iwiri ya zipolopolo idzalembedwa bwanji pa mapepala anu. Mukasankha ya klipu, muuze wogulitsa akuikireni maklipu okwanira ndi kachida kochotsera makoko pa lisiti lomwelo, tsiku lomwelo.