Amakanika a pafupi ndi Kapata amene amayamba ayeza kabuleta asanasinthe

Ndalemba izi chifukwa anzanga ambiri a njinga zamoto kuno ku Chipata tikutaya ndalama pa kabuleta, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mphepo zisanalowe mu injini, ineyo ndavutika mwezi wathunthu. Njinga yanga ndi ya 125, injini zija zotengera Honda CG, ndimanyamulira tomato ndi nshawa kuchoka kumudzi njira ya ku Chadiza kubwera nazo ku Saturday Market. Kabuleta yake inayamba kudontha, ukaimika usiku m'mawa upeza pansi panyowa fungo la petulo lokhalokha, ndiye ndinalowa mu shopu ina ya masipeya mutauni, sinditchula dzina, mnyamata wogulitsa ati tengani PZ30 iyi ndi yaikulu njinga izakoka ngati 200. Ndinagula, mabauti analowa bwinobwino, koma kuyambira tsiku lomwelo ukakoka mafuta mwamsanga njinga imachita ngati yatsamwa, m'mawa kuponda kiki mpaka mwendo kuwawa, petulo amene kale ndimapita naye ndi kubwerera anayamba kundithera panjira katundu ali kumbuyo.

Mnzanga wina ndiye anandilozera kwa amdala ena amene amakonza njinga chakufupi ndi msika wa Kapata. Malo ake si ooneka bwino ayi, kashedi ka malata, benchi imodzi ndi bokosi la masipanala basi. Ndisanamalize kufotokoza anamasula pulagi nkundionetsa, yakuda bii ndi mwaye, ati aphwanga njinga yanu ikumwa mafuta ambiri kuposa mphepo, anakupatsani kabuleta iyi ndani?

Chimene chandipangitsa kulemba ndi ichi. Sanathamangire kunena kuti gulani ina, anatulutsa kachitsulo koyezera nkuyeza kukamwa kwa kabuleta mbali yolowa ku injini, nkuyezanso paipi ya injini pomwe imakhala, nambala ndikuziona ndi maso anga. Anandiuza kuti nambala ija ya PZ imanena kukula kwa kukamwa mu mamilimita, PZ19 ndi ya tinjinga tating'ono ta 110, PZ26 ya 125, PZ27 ya 150, PZ30 ndi ya 200 kupita mtsogolo, ndipo chimene chimasokoneza anthu nchakuti 26, 27 ndi 30 mabowo a mabauti amatalikirana mofanana, 48mm, ndiye munthu ukaona yalowa umangoti ndi yomweyo. Injini yaing'ono siingakoke mphepo mwamphamvu pa khosi lalikulu chonchija, mphepo imayenda mwaulesi petulo osasakanikirana bwino, kuonjezera apo majeti ali mkatimo, tizitsulo ta timabowo todutsa petulo, anawaikira injini ya 200. Dzina la Keihin lolembedwa pambali ati musalikhulupirire kwambiri, Keihin ndi Mikuni zenizeni ndi makampani a ku Japan koma zotengera nazonso zimadindidwa dzina lomwelo, ndipo majeti a awiriwa sasinthana, mazinga ndi manambala ake nzosiyana.

Anandituma kukatenga kabuleta yakale kunyumba, mwamwayi sindinataye. Ataitsegula mbale yapansi munali dzimbiri ndi timadzi, kansonga kotseka mafuta pa floti, kachinthu koyandama pa petulo, kanali katadyeka nchifukwa chake imadontha, pisitoni yake yokwera ndi kutsika ija nayo imagwedera. Apa ndipo anavomera kuti tisinthe, ndipo popita ku shopu anandiuza ndinyamule yakaleyo m'manja ndikaziike pamodzi: choko chikhale chamanja ngati chakale osati chakebulo, mbali ya eya kilina ikwane mpira wake, chivundikiro cha kebulo ya mafuta chimange bwino, paipi ya petulo ilowere mbali yomweyo. Ndinabwera ndi PZ26.

Kumanga sikunatenge nthawi, kutchuna ndiye anakhalapo. Anayamba atsuka thanki nkuika kafyuta pa paipi, ati petulo wa m'mabotolo amene timagula m'midzimu ndi amene amabweretsa zinyalala ndi madzi, zoona ndithu ine ndimagula kawirikawiri chifukwa kumudzi kulibe filing'i sitesheni. Kenako kiliphi ya singano yolamulira kuchuluka kwa petulo anaiika pa mzere wapakati, sikulu ya mafuta anaimanga pang'onopang'ono mpaka yagunda nkuibweza kawiri, injini itatentha anakhala chete khutu lili pa injini akupotoza pang'ono pang'ono mpaka kulira kwakhazikika. Anakwera okha kukazungulira, pobwera anamasulanso pulagi kuti aone mtundu. Anandikumbutsanso kuti Chipata ili pamwamba, kupitirira mamita 1,000, ndiye ngati ndiyamba maulendo otsikira kuchigwa ku Mfuwe ndizionako pulagi, ikayera mbuu ndiye kuti mafuta achepa injini itha kutentha.

Zodandaula zilipo. Ndinafika m'mawa ndinachoka cha m'ma 14, amagwira okha ndi kamnyamata kamodzi ndipo njinga zimakhala pamzere, pokhala palibe dzuwa lonse limathera pamutu. Masipeya sasunga, chilichonse uyende wekha ukagule, kwa munthu amene wasiya tomato pamsika zimapweteka. Foni akagwira sipanala sayankha. Koma ndalama ya ntchito anatchula poyamba ndipo sinasinthe pomaliza, PZ30 ija anandibwezera m'manja ati mukagulitse kwa wa 200 muwomboleko kenakake.

Manje papita masabata atatu, m'mawa choko pang'ono kuponda kamodzi kapena kawiri yalira, pa chitunda ndi mabokosi a tomato siikutsamwanso, petulo akufika kumudzi ndi kubwerera ngati kale. Dzulo ndamasula pulagi ndekha, ili yofiirira ngati tiyi wamkaka monga ananenera. Mukafuna kupitako lawirirani m'mamawa, ndipo kabuleta yakale musaisiye kunyumba, azaifunsa.