Kampani, Workaway kapena kudzikonzera nokha? Za ulendo wa gulu wokasewera pa mafunde

Funso lake limakhala lomwelo: "Tilipo gulu, tikufuna kukasewera pa mafunde kunja, kuyenda ndi zikwama kumsana, n'kukathandizako penapake mongodzipereka. Tidzere kuti?" Ndatopa nako kuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndilembe kamodzi. Njira zilipo zitatu: kulipira kampani yokonza zonse, kusinthanitsa ntchito ndi pogona kudzera pa mawebusayiti a Workaway kapena Worldpackers, kapena kudzikonzera nokha. Ndineneretu kuti yoyambayo ndimaisungira mangawa.

Kampani imagulitsa mtendere wa mumtima. Amakuchingamirani pabwalo la ndege, bedi lilipo, chakudya chilipo, wokuphunzitsani kuima pa bolodi yosewerera pa mafunde alipo, ndipo makolo akafunsa kuti mwana wawo ali m'manja mwa ndani, pali dzina loti n'kutchula. Izi sindikutsutsa. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kampani imene tinagwiritsa ntchito ife, dzina ndisatchule, inali ndi malipiro awiri. Oyamba ankati ndi "osungitsira malo", ndipo ankalipira munthu aliyense payekha. Aliyense womva mawu amenewo amati ndi dipoziti, idzachotsedwa pa mtengo wonse. Ayi ndithu. Invoisi yachiwiri inabwera yathunthu, osachotsapo kanthu, ndipo titafunsa anatilozera kachiganizo ka zilembo zing'onozing'ono konena kuti ndalama ija ndi ya ofesi, sibwezedwa zivute zitani. Mwina zikanathera pompo tikanangoti basi. Koma anatipatsanso mtengo wotsikirako chifukwa chobwera ngati gulu, osanena momveka kuti mtengowo wamangidwa pa chiwerengero cha anthu. Mnzathu wina viza yake itachedwa n'kulephera ulendo, ndalama yake yosungitsira malo inapita, ndipo otsalafe anatikwezera mtengo tonse, poti gulu laperewera. Munthu akulira kuti watsala, anzake akulandira imelo yoti awonjezere ndalama chifukwa cha iye. Tangoganizani mmene macheza a gululo anazizirira sabata imeneyo.

Titafika, "kusewera pa mafunde kuli momwemo" kunapezeka kuti ndi maphunziro ochepa a masiku oyamba. Masiku enawo bolodi ndi yobwereka ndi ndalama zako, ukaiswa chipsepse ulipirenso. Ndinafunsa kuti pa ndalama zonsezi, zingati zimafika ku bungwe limene tinkathandizalo. Yankho lake mpaka lero.

Workaway ndi Worldpackers ndi nkhani ina, ndipo ndimazilemekeza. Umalipira umembala wa pachaka, n'kumagwira ntchito pafupifupi maola 5 patsiku, masiku 5 pa sabata, iwo n'kukupatsa pogona, kwina ndi chakudya chomwe. Kwa munthu mmodzi kapena awiri, palibe njira yotchipa kuposa iyi. Kwa gulu ndi mutu wopweteka: ndi hositelo yanji ya m'mbali mwa nyanja imene ili ndi mabedi asanu ndi limodzi oti n'kupereka ulele? Mumathera pomwazikana, wina tauni iyi, wina tauni inayo, ulendo wa gulu watha. Ndipo tisanamizane, kuyala mabedi pa hositelo ya munthu si kuthandiza dera, ndi kulipira lendi ndi manja.

Palinso china chimene sachilemba. Nyanja imakoma m'mamawa, mphepo isanayambe kuwomba kuchokera kunyanja n'kusokoneza mafunde. Nthawi yomweyo ndi imene hositelo imafuna munthu wokonza chakudya cha m'mawa. Iwe ukupukuta matebulo, alendo akulowa tsitsi lili chonyowa, mchenga kumapazi, akusimbirana za funde limene lawanyamula mpaka kumtunda. Ukamamasuka masana, nyanja yasanduka chipwirikiti. Musanavomere, funsani kuti shifiti imayamba nthawi yanji.

Viza ndiye imakhudza njira zonse zitatu. Ku Indonesia, viza yolandirira pabwalo la ndege, kwa amene mapasipoti awo amaloledwa, ndi ya masiku 30, mtengo wake 500,000 rupiah, ndipo si yogwirira ntchito. Ntchito yosalandira malipiro amaiwerenga ngati ntchito ndithu, ndipo ku chilumba cha Bali, ku Indonesia komweko, alendo amathamangitsidwa m'dziko pa zifukwa ngati zimenezi. Onjezani msonkho wa alendo wa 150,000 rupiah umene Bali anayamba kutolera mu Febuluwale 2024. Chilolezo cha alendo cha ku Sri Lanka nachonso chimaletsa ntchito, yolipidwa ndi yosalipidwa yomwe. Wina akakuuzani kuti "mungonena kuti mwabwera kudzaona malo", dziwani kuti tsiku la mavuto iye sadzakhalapo.

Njira yachitatu ndiyo yanga. Mumayamba ndi nyengo, osati ndi zithunzi. Taghazout, kumpoto pang'ono kwa Agadir ku Morocco, amakoma kuyambira Okutobala mpaka Malichi. Ku Sri Lanka nyanja imasinthana mbali: Weligama ndi gombe la kumwera kuyambira Novembala mpaka Epulo, Arugam Bay kum'mawa kuyambira Meyi mpaka Seputembala. Ngati gulu lanu ndi la ophunzira, Muizenberg ku Cape Town ndi sukulu yabwino, mafunde ake ndi ofatsa, kungoti madzi ndi ozizira moti wetsuit (chovala chothina choteteza ku kuzizira m'madzi) ndi yosapeweka, ndipo muphunzire mbendera za a Shark Spotters, amene akhala akulondera shaki kuchokera paphiri kuyambira 2004. Supertubes, malo a mafunde amphamvu a ku Jeffreys Bay ku South Africa komweko, muwasiyire akatswiri.

Mukasankha malo, chitani lendi nyumba imodzi nonse, muziphika limodzi, mabolodi mubwereke a sabata yonse n'kunenerera mtengo ngati gulu. Kukwera ndege ndi bolodi yanu musayerekeze pokhapokha mutawerenga malamulo a ndege iliyonse ya pa ulendowo, poti ena amalipiritsa paliponse posinthira ndege, ena amakana bolodi yaitali.

Za kudzipereka, lemberani bungwe la komweko mwachindunji, muwauze zimene mumatha ndi nthawi imene muli nayo. Bungwe lenileni losamalira ana lidzakufunsani kalata ya kupolisi ndi nthawi yaitali, ndipo likakukanani chifukwa muli ndi masabata awiri okha, ndiye kuti ndi labwino. Kutola mapulasitiki pagombe limodzi ndi eni dera n'kokwanira pa ulendo waufupi. Kunyumba za ana amasiye kokha ayi: mu 2018 dziko la Australia linafika poika mchitidwe wosonkhanitsa ana m'nyumba zotere pofuna ndalama za alendo m'gulu la ukapolo wamakono.

Njirayi ili ndi mtengo wake. Pamafunika munthu mmodzi wosunga thumba ndi kulondola amene sanalipire, ndipo ameneyo amabwerako atadana ndi theka la gulu. Inshuwalansi aliyense agule yake, aonetsetse kuti ikutchula kusewera pa mafunde, ntchito yamanja ndi njinga yamoto, chifukwa makampani ambiri a inshuwalansi salipira ngozi ya njinga yamoto ngati unalibe laisensi yake.

Ndiye mukakhala awiri ndipo nthawi muli nayo, pitani pa Workaway. Kuyambira anayi kupita m'tsogolo, dzikonzereni nokha, ndipo mugwirizane polemba, tikiti isanagulidwe, kuti wina akalephera ulendo gawo lake la lendi alipira ndani. Kampani ndingaivomereze pokhapokha itandilembera mtengo umodzi womaliza, ndi mtengo winanso woti gulu likachepa ndi munthu mmodzi.