Dzina Lako Lenileni Kapena la Mwana Wakufa: Njira Ziwiri za Akazitape a Cuba ku Miami

Gulu la akazitape la Red Avispa, lomwe boma la Cuba linadzala ku Florida, m'dziko la America, m'zaka za m'ma 1990, linkalowa pakati pa anthu othawa ulamuliro wa Fidel Castro m'njira ziwiri. Ena ankabwera ndi dzina lawo lenileni, n'kumanamizira kuti nawonso athawa. Ena ankavala dzina la munthu wina. Ambiri amati yachiwiriyi ndiye yovuta. Ine ndikukana.

Tiyambe ndi ya dzina labodza. Gerardo Hernández, mtsogoleri wa gululi, ankadziwika kuti Manuel Viramóntez wa ku Puerto Rico. Mayina otere ankatengedwa kwa ana omwe anabadwira ku America n'kumwalira ali aang'ono. Munthu ankaloweza mbiri yonse pamtima: makolo, sukulu, ngakhale katchulidwe ka Chisipanishi cha dziko lomwe si lake. Malangizo ochokera ku Havana, likulu la Cuba, ankabwera pa wailesi ngati manambala, ndipo malipoti ankasungidwa m'madisiki a kompyuta. Ubwino wake, sunkafunika kucheza kwambiri ndi omwe ukuwazonda. Koma a FBI, apolisi ofufuza milandu a ku America, ankalowa m'nyumba mwakachetechete n'kukopera madisikiwo, ndipo kukhoti ziphaso zabodzazo zinasanduka mlandu pazokha.

Tsono taonani ya dzina lenileni. Mu December 1990, René González anaba ndege ku Cuba n'kukatera ku Florida, kusiya mkazi wake Olga Salanueva ndi kamwana kakakazi. Sanawatsanzike. Kwa zaka zingapo mayiyu ankakhala ndi manyazi akuti mwamuna wake wagulitsa dziko, pomwe ku Miami, mzinda wa ku Florida, René anamulandira ngati ngwazi. Analowa gulu la othawa ku Cuba lotchedwa Hermanos al Rescate, la José Basulto, n'kumauluka nawo kufunafuna anthu owoloka nyanja pa timabwato tosalongosoka. Apatu ndiye pali minga. Anthu omwe ukuwalembera malipoti usiku ndi omwewo akupezera ntchito, akuitanira kuchakudya, akukutcha m'bale. Akamatukwana Castro patebulo, nawe utukwane, ndipo mawu ako amveke okwiya zenizeni, chifukwa Miami ya nthawi imeneyo aliyense ankakayikira mnzake.

Juan Pablo Roque anapitirira muyezo. Anali woyendetsa ndege zankhondo, ndipo mu 1992 anasambira kukafika pamalo a asilikali a America ku Guantánamo, pachilumba cha Cuba pomwepo. Ku Miami anakwatira mayi yemwe sankadziwa kanthu, uku akupatsanso nkhani a FBI. Pa 23 February 1996 anangosowa. Tsiku lotsatira ndege zankhondo za Cuba zinagwetsa ndege ziwiri za Hermanos al Rescate, anthu anayi n'kufa, ndipo patangopita masiku ochepa Roque anaonekera pa TV ali ku Havana. Omwalirawo anali a gulu lomwe iye ankavala malaya ake. Kaya mumaikira kumbuyo Havana, yomwe inkati ikudziteteza ku zigawenga monga zomwe zinaphulitsa mabomba m'mahotela mu 1997, kaya mumaikira kumbuyo othawawo, katundu wotere dzina labodza silikusenzetsa.

Pa chilango pokha zinthu zinatembenuka. Atamangidwa anthu khumi a Red Avispa pa 12 September 1998, asanu anavomera kugwirizana ndi oimira boma pamlandu. Asanu otsalawo anakhala miyezi 17 m'zipinda za yekhayekha. Mu 2001 René anagamulidwa zaka 15, ndipo anatuluka mu 2011. Hernández anapatsidwa zilango ziwiri za moyo wonse m'ndende, china chokhudza ndege zija, ndipo mkazi wake Adriana Pérez ankakanizidwa chitupa chokamuonera. Hernández anamasulidwa pa 17 December 2014, pa kusinthana akaidi kwa maboma a Barack Obama ndi Raúl Castro. Olga, yemwe anali atamutsatira René ku Miami, anathamangitsidwa ku America mu 2000.