Kandege ka nkhondo kamene ndamanga kuno ku Birmingham

Amene mwakhala mukundifunsa za kandege kamene ndinaika pa status, ena mpaka kundiseka kuti kodi ku UK unapitira zidole, ndati ndifotokoze kamodzi pano aliyense awerenge yekha chifukwa kuyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp ndi mashifiti a usikuwa sindingakwanitse.

Kandege kaja dzina lake ndi Spitfire, ndege ya Britain ya pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo sindinagule chonchija ayi, ndinamanga ndekha. Umagula kabokosi, mkati mwake muli tizidutswa ta pulasitiki totuwa tomatirira pa felemu, mapiko padera, thupi lili pakati kung'ambidwa mbali ziwiri, pulopela, timatayala, mpando wa payiloti wochepa ngati njere ya mpunga, ndiye pali kapepala ka zithunzi kokuuza kuti nambala 7 ilowe mu nambala 12. Yanga inali ya Airfix, kampani yakalekale kuno, inayamba kugulitsa tindege totere cha m'ma 1950 ndipo abambo ambiri achingelezi amene tsitsi layera pano anakulira pa mabokosi amenewa. Pali ina amaitcha starter set, imabwera ndi guluu, burashi ndi timapenti take momwemo, mtengo wake sufika ndalama ya hafu shifiti.

Anandiyambitsa ndi agogo ena a ku keya, nyumba yosamalira okalamba komwe ndimagwira ntchito. Kuno amafuna uziwatchula dzina loyamba ngati mnzako wa mpira, ine pakamwa pamakana ndithu, ndimangoti agogo ndipo anazolowera. Manja awo pano amanjenjemera, sangagwirenso burashi, koma pawindo la chipinda chawo pali tindege tambirimbiri timene anamanga kale, ndiye tsiku lina ndikupukuta fumbi ndinafunsa kuti kodi izi zimasiyana chani, zonse si ndege basi. Eee ndinaputa mavu. Anandikhazika pansi mpaka nthawi ya tiyi inadutsa. Mayi awo ankagwira ntchito ku fakitale ya Castle Bromwich, konkuno ku Birmingham, kumene kunapangidwa ma Spitfire ambiri kuposa kwina kulikonse, opitirira theka la ndege zoposa 20,000 zimene zinapangidwa. Malowo kenako anakhala fakitale ya magalimoto a Jaguar, ndipo pa raundabauti yapafupi pali chosema chachitsulo cha ma Spitfire atatu akukwera m'mwamba, ndinkadutsapo pa basi osadziwa n'komwe kuti ndi chani.

Pabokosi analemba 1:72, kutanthauza kuti chilichonse anachichepetsa ka 72. Ndege yeniyeni mapiko ake kuchoka nsonga kufika nsonga ndi mamita 11 ndi pang'ono, kanga ndi masentimita osakwana 16, kamakwana pachikhatho. Anajambula pulani yake ndi R. J. Mitchell, inauluka koyamba pa 5 Malichi 1936 kufupi ndi Southampton, iyeyo anamwalira ndi khansa mu 1937 nkhondo isanayambe, sanaone zimene ndege yake inadzachita mu 1940 pamene ma German ankaphulitsa mizinda ya kuno. Ma Spitfire oyambirira injini yake inali Rolls-Royce Merlin, mfuti eyiti m'mapiko. Agogo aja amakwiya kuti anthu amangotama Spitfire chifukwa cha kukongola pamene Hurricane, ndege inanso ya Britain, ndi imene inali yambiri pa nkhondo ya m'mlengalenga ya 1940 ndipo ndi imene inagwetsa ndege zambiri za adani, koma poti inali yonenepa komanso kumbuyo kwake anakuta ndi nsalu, palibe amaiika pa makapu a tiyi.

Tsono kumangako. Ife tinakula tikupinda magalimoto a mawaya, palibe bokosi, palibe pepala, umangoona lole ya ADMARC yadutsa iwe n'kukapanga yako, ndiye poyamba ndinkaona ngati izi ndi za ana olera, zonse akupangira kale iwe kumangomata. Koma ntchito yake ili pena. Sudula kachidutswa ndi manja, umadula ndi kampeni kakuthwa kenako n'kupala ndi sandipepa pamene panali chomatirira. Usanapake guluu umayamba wayesa kaye ngati zikugwirana. Guluu wake si womata wamba, amasungunula pulasitiki kuti zidutswa ziwiri zikhale chimodzi, ndiye akangodontha pa phiko basi chipsera mpaka kale, ndipo galasi la pamwamba pa payiloti salifuna n'komwe, limachita mbuu, pamenepo amagwiritsa guluu woyera wa mapepala uja. Mkati mokhala payiloti umayamba kupenta usanatseke thupi, girini wotuwira, malamba a mpando, mawotchi akutsogolo, ukatseka mbali ziwirizo zonse zija sizionekanso bwinobwino koma amati uzipentabe. Ndipo kachidutswa kakagwa pa kapeti iwalani, nyumba za kuno zonse ndi kapeti, umagwada ndi tochi ya foni usiku ngati wataya ndolo ya golide.

Penti ndiye pamene ndinaona kuti anthuwa nkhondo yawo amaisunga mpaka mtundu. Si bulauni aliyense, ndi Dark Earth. Si girini aliyense, ndi Dark Green, kumimba kwake mtundu wina wotuwira amautcha Sky, ndipo mizere yokhotakhota ija ili ndi mapu ake, sungangopaka mmene wakondera. Umasungunula penti ikhale yamadzimadzi, kupaka kopyapyala, kudikira iume, kupakanso, kudikiranso. M'nyengo yozizira kuno mdima umagwa 4 koloko masana, kunja sungapite, ndiye kudikira penti kuuma uku ukumvera wailesi ya kumudzi pa foni kwandithandiza kuposa mmene ndingafotokozere, ena nthawi imeneyo ndi imene amayamba botolo kapena kubetcha mpira pa foni. Pomaliza pamabwera masitika ake, amati ma decal, umawaviika m'madzi ofunda n'kuwatsetsereza pa phiko ndi burashi, opyapyala moti ukapuma mwamphamvu apindika.

Nditapita nako kukawaonetsa agogo anakatembenuza, n'kunena kuti mzere wa pamsana ukuoneka, ndikanapala kwambiri, kenako anandifunsa kuti kwanu nkhondo imeneyi inakupezani? Ndinawauza kuti ife tinalimo. Asilikali a KAR (King's African Rifles) a ku Nyasaland anamenya ma Italy ku Somaliland ndi ku Abyssinia (Ethiopia wa lero), kenako anawakweza sitima mpaka ku Burma, mu 1944 anali mu 11th East African Division imene inatsika chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula yoopsa, matope ndi malungo, kuthamangitsa ma Japan mpaka ku mtsinje wa Chindwin. Amene mumadutsa ku Zomba nsanja ya KAR ija mumaidziwa, ndipo m'midzi yambiri munali mdala wina amene ankati anapita ku Bama ife n'kumaseka tili ana. Agogowo za Burma ankadziwa, za anthu akwathu sankadziwa, ndipo si iwo okha, ngakhale asilikali achingelezi a kumeneko ankadzitcha gulu loiwalika.

Koma iwo ndi amene anandiuza chinthu chimene chandipangitsa kugula bokosi lachiwiri. Ndege za RAF, gulu la nkhondo la m'mlengalenga la Britain, za ku Burma chizindikiro chawo chinali china. Chija chozungulira cha buluu, choyera ndi kadontho kofiira pakati, kumeneko anachotsa kufiirako chifukwa ndege za Japan zinali ndi dzuwa lofiira, ndiye patali anthu ankatha kuwombera mnzawo, anangosiya buluu wakuda ndi buluu wowala. Ndipo ma Hurricane amene ku Ulaya anali atayamba kutha fasho, ku Burma ndi amene ankauluka mmunsimunsi ndi mizinga inayi ya mamilimita 20 kuthandiza asilikali apansi. Ndiye pano pa tebulo pali Hurricane, ma decal a buluu ndinachita kuitanitsa padera pa intaneti.

Ndikufuna ndiiike pa kathabwa ndi matope opanga komanso tiasilikali tingapo pambali. Mushopu imene ndimagulako muli tiasilikali ta pulasitiki ta Britain, Germany, Japan, America, koma a KAR sindinawaone pa shelefu. Agogo akuti ndigule a ku Australia poti zipewa zawo za mlomo waukulu zikufanana ndi zimene ankavala ku Burma, ndipente yunifomu ya girini, khungu ndisakanize ndekha. Ngati kwanu kuli chithunzi cha agogo anu atavala za KAR, chijambuleni bwino ndi foni munditumizire, ndikufuna ndione malamba ndi zikwama mmene ankamangira ndisanayambe kupenta.