Chipatala chounika m'mimba ndi kamera: namwino anatimasulira mawu, koma lipoti linatisiya panjira

Amayi anga akhala akudandaula za m'mimba kwa zaka ziwiri, ndipo liwu lomweli ndi limene linkatisocheretsa, chifukwa pa Chichewa m'mimba muli chifu, matumbo, chiwindi ndi ndulu, moti munthu akati m'mimba mukundipweteka amakhala asanamupatse dokotala pogwira. Mwezi watha ndinawaperekeza ku chipatala china cholipira mumzinda wa Blantyre chomwe chimaunika m'mimba ndi kamera, ntchito imene madokotala amaitchula kuti endoscopy.

Anatiuziratu kuti asadye kanthu kwa maola 6. Titafika, namwino anawakhazika pansi n'kuwauza kuti, "Mayi, tikupoperani mankhwala kukhosi kuti kuchite dzanzi, kenaka mumeza kapaipi kofewa, kochepa ngati chala chanu, komwe kali ndi kamera kunsonga." Ntchito yonse sinafike mphindi 15, ndipo amayi anatuluka akungodandaula kuti kukhosi kukukereketa.

Chimene ndikuchiyamikira kwambiri pachipatalachi ndi zomwe namwinoyo anachita lipoti litatuluka. Anatenga cholembera, anajambula njira ya chakudya kuseri kwa kabuku ka kuchipatala ka amayi, kuyambira kummero mpaka kumatumbo aakulu, n'kuyamba kuphwanya mawu a m'lipotimo mmodzimmodzi. Anati gastro ndi chifu ndipo liwu lililonse lothera ndi itis limanena za kutupa, choncho gastritis ndi kutupa kwa chifu, hepatitis ndi kutupa kwa chiwindi, pomwe colitis ndi kutupa kwa matumbo aakulu. Liwu lothera ndi scopy limanena za kuyang'ana mkati, n'chifukwa chake colonoscopy ndi kuunika matumbo aakulu polowetsa kapaipi kudzera kochitira chimbudzi. Lothera ndi ectomy limanena za kudula ndi kuchotsa chiwalo, monga cholecystectomy, opareshoni yochotsa kathumba ka ndulu. Ine amene ndinapita kusukulu ndinamva manyazi pang'ono kuti mawu amene ankandiopseza amamangidwa ngati njerwa chonchi.

Chilonda cha amayi anachipeza mu duodenum, poyambira penipeni pa matumbo aang'ono, osati m'chifu monga tinkaganizira. Dokotala anafotokoza kuti zilonda zambiri zotere zimabwera ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori, komwe Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Australia anasonyeza kuti ndi gwero la zilonda za m'mimba, ntchito imene inawapezetsa mphoto ya Nobel mu 2005. Dokotalayo anawalembera amayi mankhwala a masiku 14, omeprazole wochepetsa asidi pamodzi ndi mitundu iwiri yopha tizilombo, ndipo anawaletsa brufen ndi indocid, omwe amayi ankagula pagolosale msana ukavuta osadziwa kuti akukolezera chilonda.

Liwu loti biopsy ndilo linawagwetsa nkhope, chifukwa iwo anamva ngati awapeza ndi khansa. Namwino anawalimbitsa mtima powauza kuti ndi kutsina kanyama kakang'ono kuti akakapime, basi. Anawonjezera kuti chimene safuna kuti munthu achedwe nacho kunyumba ndi nsima kukakamira pammero pomeza, popeza Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya kummero ndi yofala kwambiri padziko lonse, komanso chimbudzi chakuda ngati phula, chomwe chimasonyeza kuti magazi akutuluka mkati. Chilungulira chosatherapo nachonso anati chisamangothiridwa soda.

Pamene chipatalachi chandikhumudwitsa ndi pa pepala lomwe tinapatsidwa. Lonse ndi la Chingerezi chodula mawu, OGD apa, PPI apo, popanda ngakhale mzere umodzi wa Chichewa, chikhalirecho ndalama zimene tinalipira zinali zokwanira kusindikiza kapepala komasulira mawuwa. Amayi atabwerera kumudzi, mlongo wanga amene amawasamalira sanatolepo kanthu palipotilo, ndipo anandiimbira foni usiku kufunsa ngati OGD ndi dzina la matenda, pomwe ndi dzina chabe la kuunika kummero, chifu ndi duodenum, ndipo PPI ndi mankhwala ochepetsa asidi ngati omeprazole uja. Zotsatira za biopsy nazonso zinachedwa kupitirira tsiku limene anatilonjeza, ndipo ndinaimba katatu asanandiyankhe zomveka.

Wopita kumeneko atenge cholembera ndipo asachoke namwino asanamumasulire liwu lililonse la palipoti. Kwathu lipoti lenileni lili m'sutikesi, koma chojambula cha kuseri kwa kabuku chija ndi chimene amayi amaonetsa aliyense wobwera kudzawazonda.