Pampu ya mapisitoni pa winchi ya nangula: kutentha kunatha, koma oyilo wakuda siifuna

Ntchito yanga ndi kusamala makina a pamwamba pa sitima. Pampu ya mapisitoniyi, yomwe imakankha oyilo woyendetsa makina, tinaimanga pa winchi yokwezera nangula m'malo mwa ya magiya yomwe inali itatheratu, ndipo yagwira ntchito miyezi 8 tsopano.

Chomwe chinkatisowetsa mtendere kale n'kutentha. Pampu ya magiya imakankha oyilo wochuluka mofanana nthawi zonse, kaya winchi ikukoka kaya yangoima, ndiye wotsalayo amabwerera m'thanki kudzera pa valavu ali wamoto. Thanki inkafika poti sungaikepo dzanja. Oyilo akapitirira madigiri 60 amatha mphamvu msanga, ndipo akafika cha m'ma 80 malabala otsekera amauma n'kuyamba kudontha. Ife kudonthako tinali titakuzolowera, chiguduli sichinkachoka pansi pa shafiti.

Yatsopanoyi ili ndi mbale yopendekeka m'kati mwake, ija amati swash plate, imene imadzisintha yokha kupendekeka kwake malinga ndi oyilo amene akufunika. Winchi ikaima, mbaleyo imawongoka, oyilo amasiya kuyenda koma pulesha imakhalapobe. Apa mpomwe ndinaikondera. Timatha kugwira ntchito nthawi yaitali thanki ili yofunda chabe. Nangula akamira m'matope, unyolo umabwera pang'onopang'ono, mosadukiza, popanda kuja kogwedeza mapayipi ngati athyoka.

Koma ndinene zoona, pampuyi ndi yonyada. Tsiku lina m'mawa kukuzizira inayamba kulira ngati wina akupukusa miyala m'chitini. Mtima unandidumpha, ndinazimitsa mota pomwepo. Titatsegula tinapeza sefa ya kumene pampu imakokera oyilo itatsekeka ndi zinyalala zimene pampu yakale inasiya m'thanki. Pampuyo inkakoka movutikira, oyilo n'kumachita thovu m'kati, ndipo thovu limenelo likamaphulika limadya chitsulo. Kulakwa kunali kwathu, thanki sitinaitsuke mokwanira. Ya magiya ikanapirira, iyi ayi. Tinatsuka zonse, n'kuika fyuluta ya mamaikuloni 10 (yogwira tizinyalala tating'ono kwambiri) pobwerera oyilo ndi oyilo watsopano wa ISO VG 46 (nambala yosonyeza kulimba kwa oyilo). Phokoso lija silinamvekenso.

Chondikhumudwitsa ndi kabuku komwe kanabwera nayo. Mfundo yoti chibokosi cha pampu chidzazidwe oyilo musanailize koyamba inalembedwa m'timalemba ting'onoting'ono kumapeto, chonsecho kuiliza youma kungaononge mapisitoni m'kanthawi kochepa. Chenjezo lotere limayenera kukhala pachikuto.

Penti nayonso njopyapyala kwa chinthu chokhala pamalo pomwe madzi amchere amawaza tsiku ndi tsiku. Mabawuti anayamba dzimbiri msanga, moti tinapalapo n'kupentanso tokha.

Ndikaifunanso ndidzagula yomweyi. Tikukonza zoika ina pa kereni yonyamulira katundu, koma ulendo uno thanki ndi mapayipi tiyamba tatsuka pampu isanatuluke n'komwe m'katoni.