Dokotala wa okalamba ku America: Original Medicare, Medicare Advantage kapena PACE?

M'dziko lonse la America madokotala a okalamba alipo pafupifupi 7,000 okha, ndipo ambiri amapezeka m'mizinda ikuluikulu. Choncho yambani mwapeza geriatrician (dokotala wa okalamba) amene akulandirabe odwala atsopano, kenako musankhe inshuwalansi imene iyeyo amavomera. Ambiri amayamba ndi pulani yotchipa, n'kudzazindikira mochedwa kuti dokotala wawo mulibemo.

Musanapite patali, onani ngati mayi kapena bambo ali oyenera kulowa Medicare, inshuwalansi ya boma ya zaumoyo yothandiza okalamba. Amene anabwera pa viza yongocheza sapeza Medicare. A green card amayenera kukhala ndi zaka 65, ndipo ngati iwo kapena amuna kapena akazi awo sanagwireko ntchito zaka 10 ku America, amayeneranso kukhala m'dzikomo zaka 5 mosadukiza, komanso Part A (gawo lolipirira kugonekedwa m'chipatala) imakhala yolipira. Mu 2025 inkafika $518 pamwezi.

Original Medicare, imene boma limayendetsa lokha, ndiyo ili ndi khomo lalikulu. Mutha kupita kwa dokotala aliyense wolandira Medicare, m'chigawo chilichonse, popanda kalata yotumizira. Pa medicare.gov tsegulani Care Compare, lembani ZIP code ndi mawu akuti geriatric medicine. Koma mawu akuti "timalandira Medicare" ali ndi nkhope zitatu. Pali madokotala amene amavomera mtengo wa boma monga uliri: mukamaliza deductible (ndalama zoyamba zimene mumalipira nokha pachaka) ya Part B, gawo lolipirira madokotala, imene inali $257 mu 2025, inu mumalipira 20 peresenti. Ena amalandira Medicare koma lamulo limawalola kuwonjezera mpaka 15 peresenti pamwamba, ngakhale zigawo zina monga Massachusetts ndi Pennsylvania zinaletsa zimenezi. Achitatu anatulukamo kotheratu. Amakusainitsani pangano lapadera ndipo boma silipereka ngakhale senti. Poimba foni musangofunsa za Medicare, funsani ngati amalandira assignment (kutanthauza kuvomera mtengo wa boma monga uliri), ndiponso ngati pali ndalama ya umembala ya pachaka, pakuti imeneyo Medicare silipira. Vuto la njira iyi ndi loti 20 peresenti ija ilibe malire. Kwa munthu wa shuga, mtima ndi impso nthawi imodzi, imakwera msanga. Medigap, inshuwalansi yowonjezera yogula kumakampani, monga Plan G, ndiyo imatseka mpata umenewu, kuphatikizapo 15 peresenti ija.

Medicare Advantage imakopa chifukwa mapulani ambiri ndi otsika mtengo pamwezi, amaphatikiza mankhwala, ena ngakhale mano ndi magalasi, ndipo ali ndi malire a ndalama zimene mungawononge pachaka. Zimenezo ndi zenizeni. Koma imayendetsedwa ndi makampani, ndipo muyenera kugwiritsa ntchito madokotala a m'ndandanda wawo. Mu mtundu wa pulani wotchedwa HMO, ngati geriatrician analembedwa ngati katswiri, nthawi zambiri pamafunika kalata ya dokotala wamkulu wa wodwalayo, amene amamuona nthawi zonse (primary care). Ngati analembedwa ngati dokotala wamkulu, mutha kumusankha mwachindunji, ndiye funsani kuti ali mbali iti. Mtundu wina, PPO, umalola kupita kunja kwa ndandanda koma pamtengo wokwera. Mndandanda wa pa intaneti musaukhulupirire wokha, umachedwa kukonzedwa. Imbirani ofesi ya dokotala, muwawerengere dzina lonse la pulani monga lalembedwera pa khadi, chifukwa kampani imodzi imakhala ndi mapulani angapo ndipo ofesi ingalandire ina n'kukana ina. Dokotala athanso kuchoka pakati pa chaka, pamene inu nthawi yosinthira ndi October 15 mpaka December 7, kapena January 1 mpaka March 31.

PACE ndi pulogalamu ya chisamaliro chonse ya achikulire amene afooka kwambiri: zaka 55 kupita mtsogolo, ndipo chigawo chatsimikiza kuti akufunika chisamaliro cha kunyumba ya okalamba koma angathe kukhalabe pakhomo akamathandizidwa. Apa simusakasaka dokotala. Gulu lawo la dokotala, namwino, wa mafizo ndi galimoto yonyamula wodwala zimabwera pamodzi, ndipo amene ali ndi Medicaid (thandizo la boma la zaumoyo kwa opeza zochepa) kawirikawiri salipira. Vuto lake ndi lakuti dokotala amene agogo anamuzolowera nthawi zambiri amamusiya, komanso PACE kulibe madera ambiri.

Kwa munthu wa matenda angapo amene angakwanitse Medigap, Original Medicare ndiyo imapereka mpata waukulu wopeza geriatrician. Advantage ndi yabwino pokhapokha mwatsimikiza kale kuti dokotalayo alimo. Chenjerani ndi chinthu chimodzi: mwayi wogula Medigap popanda kufunsidwa za matenda ndi miyezi 6 kuyambira pamene munthu wa zaka 65 walowa Part B. Amene wakhalitsa mu Advantage n'kufuna kubwerera, m'zigawo zambiri kampani ikhoza kumukana kapena kumukwezera mtengo. Alangizi a SHIP, pulogalamu ya boma yolangiza za Medicare, amapezeka m'chigawo chilichonse ndipo amathandiza kuwerengera zonsezi kwaulere.